Tsiku Limene Ndidachedwa M'khwawa

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzemba. Nonse mudakula mukudziwa kuti mchemwali wanu wamkulu, Ndaziona, sitidamubereke ife, adabwera pakhomo pathu nthawi ya nkhondo ali khanda la miyezi inayi. Mukudziwanso kuti amatsamwa akamamwa madzi, amalankhula mokoka, ndipo dzanja lake lamanzere silitambasuka. Chimene ndidakuuzani n'chakuti bambo wanu adamupulumutsa. Si bodza ayi, koma ndi theka chabe la nkhani, theka limene limandikomera ine. Linalo ndilemba pano dzanja langa lisadakaniretu cholembera.

Tsangano, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito ya unamwino ndidaiyambira ku Tsangano, pa kachipatala kamene tonse tinkangoti pa posito. Ndidafika nyengo yachisanu, nditavala malaya amodzi ndi mtima wodzikuza wa munthu amene wangolandira pepala. Mkulu wa pamalopo adali a shefi Matewu, bambo wamfupi, wokonda fodya wamphuno, amene adaphunzira ntchito kwa ansembe ine ndisadabadwe. Sankakuwa. Ukalakwa ankangokuyang'ana mpaka iwe wekha uyambe kudziimba mlandu. Sabata yanga yachiwiri mayi wina adabwera ndi mwana wa malungo akulira kwadzaoneni. Ine pofuna kuonetsa changu ndidamutsina masaya n'kumuthira mankhwala ndi supuni ali mkati molira. Mwana adatsamwa, adada milomo, ndipo akadapanda a shefi kumutembenuza n'kumumenya pamsana, ntchito yanga ikadathera pomwepo.

Madzulo ake sadanditukwane. Adanditengera kudimba kwawo kumene ankathirira mbatata ya kachewere ndi madzi a m'ngalande yochokera m'phiri. Adaima pamene ngalande imagawikana, n'kukankha chibuma chadothi ndi phazi. Madzi adasiya mzere umodzi n'kulowa wina.

"Waona, rapazi?" adatero, poti umo ndi mmene ankandiitanira, kutanthauza mnyamata m'Chipwitikizi. "Madzi ndi omwewo, ngalande ndi yomweyo. Chasintha ndi chibuma. Tsopano tameza malovu uku ukukoka mpweya."

Ndidayesa, ndidalephera, ndipo iwo adaseka mpaka fodya kuwatuluka m'mphuno.

"Sungathe, ngakhale bwanamkubwa sangathe. Lilime, mmero, nthiti, n'zomwezo umapumira, umamezera, umalirira, umatsokomolera, umaimbira kutchalitchi. Minyewa yozilamula ili apa." Adandimenya pankhongo, osati pang'ono. "Patsinde pa ubongo. Usaganize kuti ya kulira ili ndi nyumba yake, ya kumeza ili ndi yake, ngati akazi a mitala. Yambiri ndi yomweyo, imangosinthana ntchito. Ina ikayamba imatsekereza inzake. Mwana akamalira, khomo la mpweya lili chotsegula. Iwe wathiramo mankhwala. Umafuna apite kuti?"

Ndidafunsa kuti, "Nanga chimakankha chibumacho n'chiyani, a shefi?"

"Zambiri. Bere likakhudza m'kamwa, kulira kumatsekeka, kuyamwa kumatseguka. Njala imakankha, ululu umakankha. Mantha ndiye ali ndi mizere itatu yawoyawo: kuthawa, kumenya, ndi kuuma gwa ngati mwana wa gwape m'udzu. Miyendo yomweyo, ndipo sikufunsa mwini wake. Koma ichi usadzaiwale: mzere wa mpweya ndiwo mwini munda. Ina yonseyi imangobwereka madzi kamphindi n'kubweza. Ukaumana nthawi yaitali, mbewu imene imayamba kufota ndi ubongo, ndipo ubongo suphukiranso."

Kuyambira tsiku limenelo ankandikhazika pafupi ndi amayi oyamwitsa kuti ndizimvetsera maso ali chitsinzinire. Khanda limayamwa, limameza, kenako kamphepo kamatuluka m'mphuno, n'kuyambiranso. Ndidalizolowera phokoso limenelo moti ndinkalizindikira ngakhale m'chipinda muli anthu khumi akulankhula. Ku Tsangano komweko ndidakwatira amayi anu, Nankhoma, ndipo zaka zimenezo ndizo zokha za ntchito yanga zimene ndimazikumbukira popanda kulemedwa pachifuwa.

Ntengo-Wambalame, nkhondo itatipeza

Adandisamutsira ku Ntengo-Wambalame kuti ndikayendetse posito ndekha. Nkhondo tinkaimva ngati ya kutali, ya anthu akumwera, mpaka tsiku limene basi idasiya kubwera. Zinthu zidatha chimodzichimodzi. Mankhwala a malungo adatha, sopo adatha, mabandeji tinkachapa n'kuyanika pa udzu mpaka kusanduka ulusi. Majakisoni ndidawawiritsa mpaka manambala ake adafufutika, ndinkangoyeza ndi diso. Katundu ankabwera ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo ikafika umapeza m'bokosi muli mapepala a malipoti ochuluka kuposa mapiritsi. M'koluna ina yotereyi ndimo mudafera a shefi Matewu, galimoto yawo itaponda bomba lokwirira akubwera ndi katemera. Ndidalira ngati afa bambo anga. Chimene sindidachizindikire n'chakuti tsopano padalibenso munthu wondiyang'ana ndikalakwa.

Anthu adayamba kuthawira m'tchire pakangomveka kuti zigawenga zayandikira, ndipo vuto lalikulu kobisalako lidali makanda. Amayi ena ankanyika kansalu m'kachasu n'kumuyamwitsa mwana kuti agone. Ndidalandira makanda awiri amene sadadzukenso, ndipo ndidapsa mtima. Ndidasonkhanitsa amayi pa sikelo, nditavala chovala changa choyera, n'kuwaphunzitsa za ngalande ndi chibuma ngati nzeruzo ndazitulukira ndine. Kuti mwana akalira umupatse bere, mayi aliyense amadziwa, sadadikire ine. Koma ine ndidaonjezapo mawu anga, ndipo ndikuwakumbukira bwino chifukwa ndidawanena kambirimbiri: "Mwana sangalire akuyamwa. Mukabisala, muikeni pabere, mumugwire zolimba, musamuchotse mpaka adaniwo atadutsa." Amayi ankaomba m'manja. Za mwini munda sindidazitchule. Sikuti ndidaziiwala, ndidangoona ngati zitalikitsa phunziro, ndiponso mawu afupi aja ankandimveketsa wanzeru. Kachasu adasiyadi, ndipo ndidalemba m'lipoti kuti ndapambana.

Chidzolomondo, chaka chachiwiri cha kumeneko

Kalata yondisamutsira ku Chidzolomondo, m'boma la Makanga, idasainidwa ndi bwana wachinyamata amene sindidamuonepo nkhope, ndipo sindikhulupirira kuti iye adapondako. Posito ndidaipeza itatenthedwa kale. Ndinkaonera odwala m'kanyumba kosungiramo fodya, ndi sizasi imodzi, poto wowiritsira, ndi manja angawa. Chovala choyera ndi mapepala a boma ndidaziika mu mtsuko n'kukwirira, poti zigawenga zikapeza wa boma, kaya mphunzitsi kaya namwino, zinkayambira pa iye. Anthu a m'mudzimo adagwirizana kuti azinditchula kuti a malume, ndipo sadalakwitsepo ngakhale tsiku limodzi. Phunziro langa lija ndidapita nalo ndipo ndidaliphunzitsanso.

Anthu awiri muwadziwe. Woyamba ndi a Paulino, katekisita, munthu wamkulu wopunduka mwendo, amene ankaimba khasu lakale lopachika pamtengo, poitanira mapemphero komanso pochenjeza za adani. Ankandiseka kuti ndine dotolo wochiza ndi malovu, ine ndinkawabwezera kuti iwonso amadyetsa nkhosa zawo mawu okhaokha. Wachiwiri ndi Nabanda, mayi wachitsikana amene mwamuna wake adatengedwa kunkhondo osamvekanso. Mwana wake woyamba adali Ndaziona. Mwezi wa Juni, chisanu chitakhwima, adabwera naye ali ndi chimfine, mphuno zitatsekeka, akuyamwa pang'ono n'kusiya kuti apumire pakamwa. Mankhwala ake ndi madzi a mchere odonthezera m'mphuno, basi. Mchere m'mudzi monse mudalibe. Ndidamuuza kuti azimufunditsa, abwerenso mkucha.

Mawa lake m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono, khasu la a Paulino lidalira mofulumira. Inali nthawi yoti chimanga chili m'nkhokwe, ndipo tonse tinkadziwa chimene abwerera: chakudya, ndi anthu ochisenza. Tidathamangira kukhwawa la nsungwi kumunsi kwa minda, kumene tinkabisala nthawi zonse. Tidalimo anthu ambiri, titapanikizana pansi pa gombe. Amayi anu adali ndi pakati pa iwe Tomasi, miyezi isanu ndi iwiri, ndipo adakhala kumanja kwanga. Nabanda adakhala moyang'anana nane, mapazi athu akukhudzana. A Paulino adafika omaliza, akukwawa.

Zigawengazo sizidathere m'mudzi monga kale. Zingapo zidatsikira kumunda wa chinangwa umene udali pamwamba pathu penipeni n'kuyamba kuzula. Tinkamva mawu awo, kuseka kwawo, ngakhale dothi likamagwa pa mizu. Pamenepo Ndaziona adayamba kudandaula. Nabanda adamuika pabere msanga. Ndidatsinzina mwachizolowezi n'kumvetsera: kuyamwa, kumeza, koma kamphepo ka m'mphuno kadalibe. Mwana adakoka mutu kuti apume, adatsegula kamwa, ndipo kulira kudayamba kutuluka. Maso onse m'khwawamo adatembenukira kwa Nabanda. Iye adandiyang'ana ine, n'kuchita ndendende zimene ndidamuphunzitsa. Adagwira mutu wa mwana ndi dzanja lonse, adaukanikiza pabere, n'kukulunga ndi chitenje. Mudangoti zii, ndipo ndidamva anthu akutulutsa mpweya mwachimwemwe.

M'khwawa monsemo munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa tanthauzo la chete ameneyo. Mphuno zotseka, pakamwa potseka. Kaphazi ka mwana kadatulukira kunsi kwa chitenje ndipo kankapalasa. Ndidafuna kudzuka, koma thupi lidakana. Miyendo, manja, lilime, zonse zidauma gwa, monga adanenera a shefi. Amayi anu adaona kumene ndikuyang'ana, adazindikira, ndipo adandigwira pamkono zolimba. Sindikuwaimba mlandu, adali ndi iwe m'mimba, Tomasi. Ndipo apa ndi pamene ndakhala ndikubisa. Mutu wanga sudaume. Unkagwira ntchito bwinobwino. Ndinkadziwa kuti ndikamuchotsa pabere n'kumubwezera mpweya, chinthu choyamba chimene adzachita nawo mpweyawo ndi kulira. Ndidayamba kuwerenga kupuma kwanga m'Chipwitikizi, monga tinkawerengera kugunda kwa mtima wa wodwala, n'kumadziuza kuti mwina achoka ndisadafike pa khumi, mwina pa makumi awiri. Ndidafika pa sesenta, makumi asanu ndi limodzi. Munthu wamkulu, wodziwa ntchito, ndidapuma kokwana makumi asanu ndi limodzi ndikuyang'ana khanda limene silikupuma.

Kenako kaphazi kaja kadasiya kupalasa, kadangolendewera. Kuona chimenecho ndiko kudandimasula. Ndidayang'ana mimba ya amayi anu, ndidachotsa zala zawo pamkono panga chimodzichimodzi, n'kukwawira kwa Nabanda. Adakana kumupereka.

"A malume, mudati tisamuchotse," adanong'ona. "Mudanena ndinu."

"Ndidalakwa, Nabanda. Bweretsani mwanayo."

A Paulino adali pambali pake. Adandiyang'ana, adayang'ana kumwamba kugombe, ndipo adamvetsa zonse. Ndi iwo amene adamasula dzanja la Nabanda. "Mpatseni, mwana wanga," adatero pansipansi. "Zinazo n'za Mulungu."

Mwanayo adali lobodoka, milomo yakuda ngati nthudza. Ndidayamwa mamina m'mphuno mwake ndi pakamwa panga n'kulavula, ndidamuuzira mpweya pang'onopang'ono, ndidamusisita pamsana, n'kuuziranso. Nthawi idapita yaitali. Kenako nthiti zake zidagwedezeka, adakoka mpweya kamodzi, kawiri, ndipo adalira. Poyamba kudali kulira kwa mwana wa mphaka, kenako kudadzaza khwawa lonse. Pamwamba paja kuseka kudaleka.

Zotsatira zake zidachitika mofulumira. Wina adakuwa, mfuti idalira, anthu adabalalika. Miyendo yanga yomwe ija, imene idakana kusuntha ngakhale mtunda wa dzanja limodzi, idanditenga ngati ya mnyamata, mwana ali pachifuwa, amayi anu ndikuwakoka ndi dzanja linalo. Tidatsetsereka ndi khwawa mpaka m'bango. Nabanda adapunthwa pa mizu ya nsungwi ndipo adagwidwa, pamodzi ndi amuna awiri. A Paulino sadayese n'komwe kuthawa. Tidawapeza madzulo ataphedwa pamalo pomwe adakhala paja, poti munthu wosatha kusenza katundu zigawenga zidalibe naye ntchito. Mmodzi mwa amuna awiri aja adathawa patapita miyezi, ndipo adatiuza kuti Nabanda adayenda masiku atatu ndi thumba la chimanga pamutu, malaya atanyowa mkaka pachifuwa. Tsiku lachinayi adawagawa m'magulu, ndipo palibe adamuonanso.

Pamaliro a a Paulino mkazi wawo sadandilole kugwira fosholo. Adati, "A malume, tikadakhala chete kamphindi kena, bwenzi tikuika kabokosi kakang'ono. Inu mwasankha kuti tiike lalikulu." Ena ankati ndidachita bwino, ena ankalambalala akandiona. Palibe ndi mmodzi yemwe adadziwa kuti ndidalephera mbali zonse ziwiri. Ndidachedwa moti ubongo wa mwana udafota, komabe sindidachedwe mokwanira kuti a Paulino ndi Nabanda apulumuke. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma amene adavumbwa si ine.

Tidathawira kumalire a Malawi ndi anthu ena. Ndaziona tinkamumwetsa mkaka wa mbuzi ndi supuni, dontho limodzi, kudikira, dontho lina. Iwe Tomasi utabadwa, amayi ako adakuyamwitsani nonse awiri, iwe bere limodzi, iye linalo, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi iye. Za dzanja lawo pamkono panga sitidakambiranepo mpaka adamwalira. Ndaziona adachedwa kukhala pansi, adachedwa kuyenda, ndipo kumeza ndi kupuma kwake sikudagwirizanenso bwino, zimalimbirana njira. Madokotala ena adandiuza kuti mwina adali malungo a mu ubongo. Ndinkavomera ndi mutu, koma ine ndidalipo ndipo ndidawerenga. Chimene ena amachita osaganiza, iye ndidamuphunzitsa ndi mawu, chaka ndi chaka, pa mphasa: tsitsa chibwano, meza kaye, upume pambuyo, chimodzichimodzi. Kulikonse kumene ndidagwira ntchito nkhondo itatha, phunziro la a shefi ndinkaliyambira kumapeto, kwa mwini munda.

Tsangano, nditapuma pa ntchito

Mukudziwa kuti chaka chatha ndidadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo ngakhale ndidadzuka, madzi tsopano amanditsamwa inenso. Inu muli kutali ndi ntchito zanu, sindikudandaula. Amene amandiphikira phala ndi kundikonzera tiyi wolimbirako kuti asanditsamwe ndi Ndaziona, ndi dzanja lake limodzi lija.

Ndidaona kuti sibwino inu muwerenge izi mwini wake asadamve. Mwezi wathawu, tikumwa tiyi m'mawa pakhonde, ndidamuuza zonse: mawu anga a pa sikelo, kaphazi kake, dzanja la amayi anu pamkono panga, ndi nambala ija. Iye kuti alankhule amayamba wameza malovu, n'kupuma, ndiye mawu amabwera. Ndidadikira, ndipo ndinkaopa kuposa mmene ndidaopera m'khwawa muja.

"Sesenta," adatero.

"Eya, mwana wanga. Sesenta."

"Amayi anga adandimva ndikulira, asadagwidwe?"

"Adakumva. Adatambasula manja kuti akulandire."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kuphiri. Sadanene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindidapemphe. Misozi idandigwera, ndipo pofuna kuibisa ndidanyamula kapu n'kumwa. Ndidatsamwa koopsa, tiyi adatulukira m'mphuno, maso adachita mdima. Ndaziona adandilanda kapu, adandiweramitsa, n'kundimenya pamsana ndi dzanja lake labwino mpaka mpweya udabwerera. Sadawerenge, sadadikire. Atatha adandipukuta pakamwa ndi chitenje chake, n'kuika kapuyo patali.

"Bambo, osamwa mukulira," adatero. "Lirani kaye, mumalize. Tiyi ndikusungirani."